Malata Mvula Isanabwere

Germiston, ku Joni
19 Meyi 2024

Amake Angel,

Moni kwa inu, kwa amayi anga ndi kwa mwana wathu. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga. Kaya inu mukudzuka bwanji ndi mavuto akugweraniwa.

Musadabwe kuona kalata. Foni yaikulu ija ndagulitsa, ndatsala ndi kamabatani. Ndalama yake ndi imene a Sumani a thiransipota akupatsireni pamodzi ndi pepalali. Iwo amafika ku Nkopola mwezi ndi mwezi, ndiye muziwapatsa yankho akamabwerera.

Zithunzi zija ndinaziona ndisanagulitse. Nyanja kulowa mpaka kuchipinda kwathu! Pamene panali thandala lathu loyanikapo usipa lero pakudutsa bwato. Ndinayang'ana khoma lakugwalo mpaka bwana anakuwa kuti tchipisi chikupserera. Mukutinso loji imene munkachapako yatseka poti madzi ali m'zipinda. Ndiye kuti pakhomo pathu dzanja logwira ntchito latsala langali.

Muwathokoze amalume anu pokusungani ndi potipatsa malo kumtunda. Koma kwa eni kumakoma masiku oyamba. Ndikufuna mvula ya Disembala idzakupezeni m'nyumba yanuyanu, ya malata.

Malipiro anga sakwera. Ndiye ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti ndalama zanga zimalowera kuti, munthu wosamwa mowa ine. Ndapeza kuti palibe wakuba wamkulu. Inu mukudziwa, bwato silimira ndi funde lokha, limamiranso ndi kamng'alu kamene mwini wake akuti n'kakang'ono. M'mawa tiyi ndi magwinya, mandasi akunowa. Masana botolo la zoziziritsa kukhosi. Bandulo yothera kuonera anthu akuvina pafoni, maso kuwawa. Loweruka timarandi tobetchera mpira, chiyambire sindinawinepo zoposa mtengo wa buledi. Wometa. Tekisi popita, tekisi pobwera. Zonsezi ndasiya. Kumutu akundimeta ndi Hamisi, mnzanga wa ku Makanjira amene ndimakhala naye chipinda chimodzi. Amameta ngati akupala nsomba, koma ndi zaulere.

Inunso mundithandize. Kabaza wopita kumsika ayi, miyendo ilipo. Angel popita kusukulu muzimuwotchera mbatata m'malo mwa mandasi. Zokafupa pa chinkhoswe cha aliyense amene munangopatsana naye moni, dikirani kaye. Ndiponso shuga. Ndikudziwa kuti amayi amakonda tiyi wawo m'mawa ndi madzulo, koma shuga wakwera. Azimwa m'mawa mokha. Muwauze bwinobwino, muti ndanena ndine.

Foni tiziimba pakakhala nkhani yaikulu. Zinazi tizilemba.

Ine mwamuna wanu,
Simioni

30 Juni 2024

Amake Angel,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwafika. Kuno madzi amauma mumpopi.

Yankho lanu ndaliwerenga kangapo. Mukuti munakwatiwa ndi munthu, osati pepala. Mukutinso Angel anafunsa ngati bambo ake amangidwa, popeza nkhope yawo sikuonekanso pafoni. Mawu amenewo anandilasa. Koma taonani njerwa zimene mwaumbitsazo. Zachokera m'magwinya amene sindinadye.

Oumbawo muwauze asayatse uvuni mwera ukamawomba kwambiri, njerwa zimapsa mbali imodzi. Womanga mutenge a Eduardo a ku Chiponde aja, amene anamanga ya amalume anu. Dzanja lawo ndi lowongoka, koma musawapatse zonse nthawi imodzi.

Kuntchito ndikuyenda wapansi. Pali kanjira kachidule kotsata njanji. Anthu amati si kabwino, koma ine ndimadutsa kukuwala, ndipo ukandiona sungaganize kuti ndili ndi kanthu. Zikudandaula ndi nsapato zokha. Lamlungu ndasiya kukaonera mpira. Ndapeza ganyu yodula kapinga kwa mayi wina wokalamba, ndiye tsiku limene linkandidyera ndalama tsopano likundipatsa.

Ndi Hamisi tasemphana pang'ono. Lamlungu lililonse anyamata akwathu amasonkherana kugula nyama n'kudyera pamodzi, ine ndinati andichotsepo. Pa parafini wotenthetsera chipinda ndinatinso ndizingofunda jekete. Iye anandiyang'ana n'kuti, "Akulu, mukumanga nyumba kapena mukudzikumbira manda?" Ine ndinati, "Iwe yako ili pouma ku Makanjira, yanga ili m'madzi." Kachifuwa ndili nako, koma n'kanyengo.

Sabata yatha kunabwera anthu ovala malaya ofanana, akulowa sitolo ndi sitolo kufunsa mapepala a antchito. Bwana anandilowetsa mosungira mbatata mpaka anadutsa. Sizinali zazikulu. Amayi musawauze.

Za ulendo wa kwaya wopita ku Malindi, ndikupempha mukhale. Mulungu amamva nyimbo ngakhale yoimbira pa Nkopola.

Ine wanu,
Simioni

18 Ogasiti 2024

Amake Angel,

Moni. Ine ndili moyo. Za inu ndamva, ndipo za miyendo ya amayi zandidetsa nkhawa.

Ndiyambe ndi zimene zandipweteka. Shamima, wakwathu uja wokhala kuno, wabwera kumeneko ndi zikwama zake n'kukuuzani kuti ine sindikuonekanso pagulu la anthu akwathu, ndiye kuti ndapeza mkazi. Inu n'kukhulupirira, mpaka kundilembera kuti ngati ndakwatira ndingonena. Amake Angel, mkazi wake uti angakhale ndi munthu wodya tchipisi chotsala m'chiwaya, wa nsapato zomanga ndi waya? Akanandithawa sabata yoyamba. Shamimayo sanandione chifukwa iye amapezeka kumene kuli nyama ndi wailesi, ine kumeneko ndinasiya.

Hamisi wasamuka. Anati chipinda chasanduka nyumba ya maliro. Sitinatukwanane, anangonyamula matiresi ake. Ndekha sindikanakwanitsa lendi, ndiye ndalowa m'kachipinda ka malata ndi anthu awiri a dziko lina. Chinenero chawo sindimva, timangolozerana ndi manja. N'kotchipa, koma kulibe magetsi. Kutchajitsa foni n'kolipira, choncho nthawi zambiri imakhala yozima. Mukaona sikulowa musade nkhawa.

Bwana watichepetsera masiku. Akuti makasitomala akuopa kudya m'malo olemba alendo. Komabe ndatumiza ya malata, ikwana theka la denga. Mukagule kuboma, mukayerekeze masitolo angapo, ndipo muwasunge m'nyumba mwa amalume, osati panja. Ndasangalala kumva kuti khoma lafika m'mawindo. Pa kwaya paja mukuti simunapite ndipo munalira. Pepani. Mudzapita chaka chamawa.

Amayi muwatengere kuchipatala, kutupa miyendo si kwa masewera. Akwere kabaza, pamenepo sindikuletsani. Mukuti akufunsa kawirikawiri kuti ndiwaimbire. Muwauze kuti ndidzaimba mwezi ukatha. Mukuwadziwa amayi pafoni, amayamba ndi moni wa nkhuku, kubwera wa aneba, kufika pa nkhani yeniyeni mayunitsi atha. Ndikufuna ndidzaimbe ndili ndi uthenga woti denga lakwanira, adzasangalale.

Angel mumpsompsone.

Simioni

13 Okutobala 2024

Keti,

Sindikudziwa ngati ndiyambe ndi moni. Thupi lili bwino. Ndikhulupirira iwe ndi mwana mwapezako mphamvu.

Pafoni paja sindinathe kuyankhula, unangomva kupuma kwanga. Ndiye ndilembe mmene zinandipezera.

Linali Lachisanu masana, ndikukazinga. Ndinangoona Hamisi waima pakhomo, chipewa chili m'manja. Chisamukire chija tinali tisanaonane. Anadikira kasitomala achoke n'kuti, "Akulu, vulani epuloniyo."

Ndinati, "Kwagwanji?"

"Foni yanu ili kuti?"

"Ili kunyumba, yazima."

"Alamu akhala akukufunani kuyambira Lolemba. Nambala yanga achita kuipeza kwa a Sumani. Tiyeni panja."

Panjapo ndinamufunsa ngati amayi adwalika. Anayang'ana pansi. Ndinati ndiye ndipeze basi lero lomwe. Iye anati, "Akulu, aika m'mawa uno."

Ndinakatchajitsa foni pa kasitolo ka pakona. Itayaka inayamba kulira, mauthenga a mafoni ako ophonya kulowa motsatizana, osaleka. Mwini sitolo anaseka n'kuti ndine munthu wofunika. Ndinamulipira marandi ake asanu. Marandi asanu, Keti.

Kalata yako a Sumani andipatsa dzulo. Ukuti kuchipatala amayi ankati uwaikire foni pakhutu ngakhale sikulowa, mwina ndiyankha. Ukuti sanandidandaule, ankangoti mwana wanga ali pantchito. Bwenzi atandidandaula. Mwezi umene ndinalonjeza uja unatha, unzake n'kuthanso, ine ndikuti denga likwanire kaye.

Walembanso kuti za shuga zija sunawauze n'komwe, kuti ankamwa tiyi wawo m'mawa ndi madzulo mpaka tsiku lopita kuchipatala, ndipo shugayo unkagula ndi ndalama ya ganyu yosenza usipa kunyanja. Ukuti ndikakwiya ndikwiye. Ndinawerenga pamenepo ndili chiimire ndipo ndinakhala pansi m'fumbi. Unachita bwino kusandimvera. Sindikudziwa kuti ndikuthokoze ndi mawu ati.

Malata amene unagulitsa kuti upeze bokosi usawadandaule. Onse anayiwo ndidzabwezeretsa.

Lamlungu anyamata akwathu anabwera kuno, onse, ndi amene ndinkawazemba panjira. Anakhala panja pa kachipindaka, Asilamu ndi Akhristu, wina anapemphera. Pochoka anandisiyira chipepeso m'chipewa cha Hamisi. Kulandira kunandichititsa manyazi, kukana kunandichititsanso manyazi. Ndinalandira. Ndakutumizira chonse, uwagulire kanthu azimayi amene anagona nawe pamaliro.

Undiuze mbali imene awaika.

Simioni

17 Novembala 2024

Amake Angel,

Moni nonse. Ine ndili bwinoko. Mukhululuke zilembo zokhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja lapweteka pang'ono, ndinagwa panjanji paja. Pafoni sindinanene poopa kukudetsani nkhawa ndi zinthu zazing'ono.

Kuimbirana foni kwa Lamlungu kumene tayamba kuja tisasiye, ngakhale zivute bwanji. Angel anangoti "moni" n'kukubwezerani foni, ndinamva akufunsa kuti ndi ndani. Musamukalipire. Muzimuuza kuti ndi bambo ake, azolowera.

Ndalama ya ulendo uno yachepa, koma ya malata anayi aja yakwana, ndi misomali. A Eduardo afulumire. Mukuti kumapiri a ku Namwera kwayamba kuchita mdima masana, ndiye mvula ili pafupi. Mawindo asiyeni, mutseke ndi njerwa zosamata. Chitseko chimodzi chakutsogolo chikwanira.

Kuntchito ndapumako kaye mpaka dzanjali lichire. Mwezi wamawa mwina sinditumiza kanthu. Muyambe mwagula chimanga.

Ndatopa, dzanjali silinazolowere.

Simioni

22 Disembala 2024

Amake Angel,

Moni kwa inu ndi mwana. Zilembo zokongolazi si zanga. Akulemba ndi Hamisi, ine ndikungoyankhula. Wandiuza kuti cholembera chake sichilemba bodza, ndikanena kuti ndili bwino achiika pansi. Ndiye ndinene kuti ndili moyo.

Choyamba, mwalowa! Pamene munandiuza pafoni kuti ndikhale chete ndimvere, n'kumva mvula ikulira pa malata, ndinalephera kudziletsa. Hamisi anatuluka panja kuti andipatse mpata. Mukuti pakudontha pamodzi pokha, pakona ya kuchipinda. A Eduardo abwere adzaike phula. Mwagwira ntchito, Keti. Ine ndinkatumiza mapepala, koma madzi omangira munasenza ndinu.

Tsopano za dzanja. Sindinagwe. Linali tsiku lolandira, ndipo ndinaganiza zokwera tekisi, koma ndinati ndalama ya tekisiyo ndi misomali. Panjanji paja anandiimitsa anyamata atatu. Envulopu inali m'sokosi. Anthu kuno amati zikatero umangopereka, ndipo inenso ndinkalangiza ena chomwecho. Koma ndinaona malata anayi aja m'maso mwanga, ndinagwira mwendo wanga osausiya. Mmodzi anali ndi chitsulo. Anamenya mkono mpaka ndinasiya.

Kuchipatala chapafupi ndinapeza anthu pageti, osati madokotala, akufunsa ziphaso ndi kubweza alendo. Ndinabwerera. Ndinamanga ndi nsalu n'kumati uchira wokha. Pamene Hamisi anandipeza n'kunditengera kuchipatala china chakutali, anati fupa layamba kale kugwirana mokhota. Zala zitatu sizikupinda. Bwana anadikira pang'ono, kenako analemba wina. Sindikumuda, tchipisi sichidikira munthu. Ndalama ya mwezi watha ija inali ya bedi, jekete ndi mapoto anga.

Pano ndili kwa Hamisi. Ndikugona pa matiresi ake, ndikudya zake. Lamlungu amandikokera kunyama kuja, ndimadya ndi manzere anyamata akundiseka.

Mukuti ndibwere. Ndibwere ndi chiyani, Keti? Anzanga amatsika ndi mafiriji ndi njinga zamoto. Ine ndidzatsike ndi mkono wokhota, woti sungakoke ngakhale chingwe cha ukonde wa chilimira? Ndipatseni miyezi ingapo. Mwina ndipeza ya ulonda, imeneyo sifuna zala.

Khirisimasi yabwino. Angel mumugulire mandasi.

Simioni

Alamu, ndine Hamisi, izi ndawonjezera iwo sakudziwa. Chakudya si vuto, kwathu mlendo sawerengeredwa. Koma munthuyu watha thupi ndipo chifuwa sichikusiya. Za ulondazo musawamvere, opanda mapepala sakulembanso. Aitaneni mwamphamvu. Inu amakuopani.

9 Febuluwale 2025

Amake Angel,

Moni wochuluka. Ndikhulupirira muli bwino m'nyumba mwanu. Ine chifuwa chachepa, anandipatsa mankhwala omwa miyezi ingapo ndipo akuti ndingapitirize kulandira kwathu. Onani, lamanzere laphunzira, mizere yayamba kuwongoka.

Ulonda ndinayesa malo atatu. Kwina anayang'ana mkono, kwina anafunsa mapepala, kwina galu anandithamangitsa ndisanafike pageti.

Mawu anu a Lamlungu lija sanandichoke m'mutu. Munati, "Kodi ndinasenza madzi onse aja kuti ndizigona ndekha m'nyumba ya zipinda zitatu? Firiji ndidzaika nsomba zake ziti, magetsi ake ati?" Kenako munadula foni, inu amene simudula foni. Hamisi anali pambali, anangoti, "Mwamva." Ndinazindikira pomwepo kuti awirinu munapangana, koma sindinakwiye.

Ndikubwera. Kalatayi yatsogola ndi a Sumani ulendo uno, ulendo wotsatira adzanyamula ine. Akuti ndidzakhala kumbuyo pakati pa katundu wa anthu, ndipo anyamata asonkha kale yolipirira. Pasipoti yanga masiku anapitirira kalekale, ndiye pachipata cha m'malire akadzadinda ndiye kuti kuno sindidzalowanso msanga. Ndaganizira zimenezo ndipo ndapeza kuti sizikundiwawa.

Achimwene anu a Allan muwauze kuti ndavomera. Ngati akufunadi munthu woyang'anira nsomba pathandala ndi kukambirana ndi ogula, ndigwira. Pakamwa sipanathyoke. Kusoka ukonde ndiyesa, mwina zala ziwirizi zikwanitsa. Kulembedwa ntchito ndi mlamu n'kowawa, koma ndadya kale zowawa kuposa pamenepo.

Katundu ndilibe. Chikwama chimodzi, muli nsapato za Angel. Ndinachita kuyerekeza ndi phazi la mwana wa aneba, zikakula adzakuliramo. Inu ndakugulirani nsalu imodzi, Hamisi ndiye anasankha, ikakhala yoipa mudzamunene iyeyo. Anthu musawauze tsiku. Sindikufuna gulu lodzaona zimene wa ku Joni wabweretsa. Musakonzenso chilichonse, kupatula chambo chimodzi ngati chingapezeke. Zaka zonsezi ndakhala ndikukazingira anthu nsomba zouma ndi ayezi, zopanda mutu, zosadziwika kwawo.

Ndikadzafika, tisanadye, mudzanditengere kumanda. Ndili ndi mawu oti ndikanene kumeneko, ndipo ndikufuna mudzaime pafupi.

Chomaliza. A Sumani akuti amatsitsira pamsewu waukulu, kumtunda galimoto siifika nyengo ino. Ndidzaimba tikadzadutsa pa Liwonde, foni ikhala yoyaka njira yonse. Chonde mudzandidikire pamsewupo, inu ndi mwana. Kumene kunali kwathu ndikukudziwa, koma kuli madzi. Nyumba yatsopanoyo sindinaionepo, ndingadzagogode pakhomo la eni.

Ine mwamuna wanu,
Simioni